YESANI MOTO WACE MUSANAGULE MAKINA A MASEWERA

Nkhani yokambidwa pa wailesi, m'nthawi ya alimi ndi mafumu

 Masiku ena timakambirana za mbeu, za nkhokwe ndi za ziweto. Lero ndabwera ndi nkhani ina, ya cinthu cimene calowa m'midzi mwathu ndi ana athu. Ndinena za makina osungira masewera a pa foni ndi pa kompyuta, amene anyamata awacha seva.

Kapena wina alikunena mumtima kuti, "Zimenezo ndi za ana, ife akulu tiribe nazo kanthu." Pepani, muli nazo kanthu ndithu. Mwana amene analima nanu mtedza kapena soya caka conse, tsiku lobwera ku msika adzakhala pansi nati, "Atate, mundigulireko makina." Ndalama idzacokera m'thumba mwanu, moto udzacokera m'batire limene liunikira nyumba yanu, ndipo anyamata akakangana, mlandu udzafika pa bwalo la amfumu. Cifukwa cace nkwabwino kuti mudziwe zofunsa ndalama isanatuluke.

PHUNZIRO LA WAILESI YA SEFULIYA

Ndiyambe ndi cinthu cimene agogo ena acikumbukira. M'caka ca 1949 kunafika wailesi imene anthu anaicha ya sefuliya, pakuti cigoba cace cinali cozungulira monga sefuliya yophikira. Inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku England, niyamba kugulitsidwa ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia, ndipo posacedwa inafika kuno kwathu. Mabowo ace anawachinga ndi sefa kuti tizirombo tisalowe. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace linali mashilingi 25. Tsono werengani: mabatire anai anali mashilingi 100, ndiwo mapaundi 5, mtengo wa wailesi ina yatsopano. Amene anaigula anazindikira msanga kuti wailesi ugula kamodzi, koma moto wace ugula masiku onse.

Makina a lero ndi ena, koma phunziro ndi lomwelo. Cinthu ciri conse coyendera magetsi ciri ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi uja mulipira m'sitolo. Waciwiri ndi wa cakudya cace. Mlimi ali yense adziwa kuti pogula ng'ombe safunsa mtengo wokha, koma ayamba waona ngati ali ndi msipu wokwanira. Mau anga onse madzulo ano agona pamenepo.

KODI SEVA NCIANI?

Ganizani za bawo. Pa mudzi pamakhala thabwa limodzi la maenje 32 pansi pa mtengo, ndipo ofuna kusewera amabwera pomwepo. Palibe amene anyamula lace. Thabwalo ndilo lisunga nkhomo pamene zagona, kotero kuti awiri akaima kukamwa madzi, pobwera apeza masewera ali momwe anawasiyira.

Seva igwira nchito yomweyo. Masewera ena ndi omanga: ana akumba, alima, amanga nyumba ndi milatho m'dziko la pa cithunzi, onse pamodzi. Kuti ana asanu kapena khumi aonane m'dziko limodzi, pafunika makina amodzi osunga dzikolo, okumbukira pamene wina anaika njerwa ndi pamene wina anakumba citsime. Mafoni ao alumikizana ndi makinawo kudzera m'kabokosi kena kochedwa rauta, kamene kaulutsa Wi-Fi.

Tsono imvani ici, pakuti ndi pamene ambiri ataya ndalama. Seva siionetsa zithunzi. Zithunzi zioneka pa foni ya wosewera. Nchito ya seva ndi kuwerenga ndi kukumbukira basi. Cotero siifuna galasi lalikulu loonerapo, siifuna zokuzira mau, siifunanso cipangizo codula cija cojambula zithunzi cimene amaika m'makompyuta a masewera. Wogulitsa akakuuzani kuti popanda zimenezi sizitheka, dziwani kuti alikukugulitsani ngolo pamene inu mwadzera dengu.

ZIMENE NDINAONA PA MUDZI WINA

Ndinafika pa mudzi wina pamene bambo wina, atagulitsa soya, anapita ndi mwana wace ku tauni, nagula kompyuta yaikulu yakale ya mu ofesi. Anaikonda pakuti inali yochipa, yolemera ndi yooneka bwino. Kwao kulibe magetsi a mawaya. Anali ndi sola imodzi pa denga ndi batire limodzi, zimene zinawaunikira zaka ziwiri popanda bvuto, ndipo amai a m'nyumbamo anali kupezerapo ya mcere pochaja mafoni a anthu. Anagulanso inveta, kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala wonga wa mawaya, kuti kompyutayo iyake.

Usiku woyamba anyamata anasewera maora 3, nyali zonse nizizima. Mawa lace cimodzi-modzi. Batire linali kukamidwa kufikira pansi tsiku ndi tsiku, ndipo isanathe miyezi iwiri linaleka kusunga moto. Ine ndinapeza kompyuta itabvundikiridwa ndi citenje pa ngodya, ana a sukulu alikuwerengera koloboyi, ndi amai atataya malonda ao. Bamboyo anati kwa ine, "Anandinamiza, makinawa ndi akufa." Iai, sanali akufa. Anali amoyo ndithu, koma anali ng'ombe yomangidwa pa msipu wa mbuzi. Akulu anati, cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

KUWERENGA MOTO

Muyeso wa kadyedwe ka makina ndi mawati. Makina a mawati ambiri adya moto msanga. A mawati ocepa adya pang'ono-pang'ono. Kuti tiwerenge mosabvuta, tiyese kuti wati imodzi ikayaka ora limodzi yamwa cikho cimodzi ca moto. Amisiri alemba cikho cimeneci ndi zilembo Wh. Yuniti imodzi imene amagula anzathu a magetsi a ESCOM ndiyo zikho 1,000.

Kamakina ka mawati 5 kakayaka usana ndi usiku, maora 24, kamwa zikho 120. Pa mwezi wa masiku 30 ndi zikho 3,600, ndiwo mayunitsi osakwana 4. Kompyuta yaikulu ya mawati 80 imwa zikho 1,920 pa tsiku, ndipo pa mwezi mayunitsi oposa 57. Nchito ndi imodzi-modzi, koma yaikuluyo yadya cakudya ca timakina 16.

Nanga batire lisunga zikho zingati? Onani pa nthiti pace. Mukapeza palembedwa 12V ndi 50Ah, culukitsani 12 ndi 50: ndi zikho 600. Koma batire la asidi, limene ambiri tiri nalo, silifuna kukamidwa kupitirira theka. Mukatero lifa msanga. Cotero zanu zeni-zeni ndi 300. Kompyuta ya mawati 80 izimaliza maora 4 asanakwane, ndipo mukaonjeza galasi lace ndi inveta, imene nayonso idya zace, mupeza maora 3 aja a bambo uja. Koma kamakina ka mawati 5 pamodzi ndi rauta ya mawati 5 ziyenda maora 30 pa batire lomwelo.

Mawati a makina muwadziwa bwanji? Onani pa chaja yace. Pakalembedwa 5V ndi 3A, culukitsani: ndi mawati 15. Amenewo ndi malire. Masiku onse kamakinako kadya ocepa. Amisiri ena ali ndi kamita kolowetsa pa soketi koonetsa mawati eni-eni. Pemphani kuti ayese makinawo inu mulikuona ndi maso.

MITUNDU INAI YA MAKINA

Woyamba ndi kamakina kochedwa Raspberry Pi. Kukula kwace ndi konga ciphaso ca unzika. Kanayamba kugulitsidwa mu 2012 ndi bungwe la ku Cambridge, ku England, limene linafuna kuti ana a sukulu aphunzire za makompyuta pa mtengo wocepa, ndipo nthawi imeneyo kanali madola 35. Mtundu wa nambala 4 unatuluka mu 2019, wa nambala 5 mu 2023. Wa nambala 4 udya mawati 3 ukakhala cete, ndi 6 kapena 7 ukalemedwa nchito. Wa nambala 5 uli ndi liwiro loposa, koma ukalemedwa ufika mawati 10 kapena kuposerapo. Ubwino wa kamakina aka ndi wakuti kayendera mavolti 5 monga foni, cotero pa batire la sola sikafuna inveta, koma kacipangizo kakang'ono kotsitsa moto kucokera 12 kufika 5. Koma cenjerani, kagulitsidwa kokha-kokha. Chaja, memori khadi, cigoba ndi kokupizira mphepo mugula padera. Phatikizani zonsezo musananene kuti nkochipa.

Waciwiri ndi timakompyuta ta mu ofesi togwirapo kale nchito, tonga buku lalikulu, ta makampani monga Lenovo, HP ndi Dell. Tikakhala cete tidya mawati 10 kapena 15, ndipo tikalemedwa tipitirira 30. Tibwera tathunthu, ndipo tilandira masewera a mitundu yambiri koposa kamakina koyamba kaja. Tiripo tina tatsopano tokhala ndi ubongo wa Intel N100, umene unatuluka mu 2023. Tikakhala cete tidya mawati 6 kufikira 10.

Wacitatu ndi laputopu yakale. Musainyoze cifukwa galasi lace lang'aluka kapena zilembo zina zagwa. Pa nchito ya seva zimenezo ziribe kanthu. Idya mawati 10 kufikira 20, ndipo iri ndi batire lace m'kati, kotero kuti magetsi akazima siigwa mwadzidzidzi. Koma itembenuzeni muone kunsi. Batire likatupa, licotseni, pakuti lotupa likhoza kuyaka moto.

Wacinai ndi kompyuta yaikulu ija. Ingokhala cete idya mawati 50 kufikira 100, ndipo zopangira masewera zifika mazana angapo. Ngati muli pa sola, ilekeni, ngakhale mlamu wanu wa ku Joni akupatseni kwaulere. Ngati muli pa magetsi a mawaya, werengani mayunitsi ace a caka conse musanaitsegule.

Mitengo ya lero sindiichula, pakuti zinthu izi zicokera kunja ndipo mitengo yace siikhala malo amodzi. Mukumbukira kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100, katundu wa kunja nakwera nthawi yomweyo. Funsani m'masitolo atatu, ndipo mulembe pa pepala.

SANKHANI MASEWERA COYAMBA

Musayambe ndi kugula makina. Yambani ndi kufunsa ana kuti afuna masewera ati, ndipo asewerera pa ciani, pakuti si makina onse alandira masewera onse.

Omveka koposa ndi Minecraft, amene anayamba ku Sweden mu 2009, ndipo kampani ya Microsoft inawagula mu 2014. Ali a mitundu iwiri. Mtundu wa Java useweredwa pa kompyuta. Mtundu wa Bedrock ndiwo wa pa foni. Seva ya Java iyenda pa Raspberry Pi, koma ana a mafoni sangathe kulowamo kufikira mmisiri aike pulogalamu ina yolumikiza mitundu iwiriyi. Seva ya Bedrock imene eni ace apereka inapangidwira makompyuta a ubongo wa Intel kapena AMD. Siinapangidwire Raspberry Pi. Cotero ngati ana onse ali ndi mafoni ndipo aumirira Minecraft, sankhani kakompyuta ka mu ofesi kapena laputopu. Dziwaninso kuti masewera amenewa ndi ogula: wosewera ali yense alipira ace.

Alipo ena ofanana nao ochedwa Luanti, amene anayamba ku Finland mu 2010, ndipo kufikira 2024 dzina lao linali Minetest. Amenewa ndi aulere, ayenda pa mafoni a Android ndi pa makompyuta, ndipo seva yao ndi yopepuka, kotero kuti Raspberry Pi iinyamula bwino. Kwa mudzi woyamba kumene, ine ndiyesa kuti nzeru ndi kuyamba ndi amenewa. Ndipo musanagule kanthu, bwerekani laputopu Loweruka limodzi, anyamata aikemo seva, muone ngati mafoni ao alowa. Kuyesa kumeneko sikudya ndalama.

ZOFUNSA M'SITOLO

Pali zinthu zitatu zimene simuyenera kuumira nazo ndalama. Coyamba ndi cimene amisiri acha RAM. Imeneyi iri ngati mphasa yoyanikapo ufa: ikacepa, nchito icedwa ngakhale dzuwa liwale. Pa seva ya ana owerengeka funani 4GB. Ya 2GB ikwanira Luanti, koma Minecraft idzabanika. Ana akaculuka kupitirira khumi, ganizani za 8GB.

Caciwiri ndi mosungira dziko lija. Memori khadi ndi yochipa, koma seva ilemba pa iyo kosalekeza ndipo itopa. Khadi zonyenga nzambiri pa misika. Zilembedwa nambala yaikulu pamwamba, m'kati muli pang'ono. Gulani ya dzina lodziwika kwa wogulitsa amene mudzampezanso mawa. Ngati thumba lilola, cosungira cochedwa SSD cikhalitsa koposa.

Cacitatu ndi waya wolumikiza seva ndi rauta. Mtengo wace ngwocepa, koma masewera ayenda bwino ndi waya koposa kuti seva nayonso idalire Wi-Fi. Za pulogalamu yoyendetsa makina musalipire kanthu. Ya Linux ndi yaulere, ndipo ndiyo imene maseva ambiri ayendera.

SOLA YOKWANIRA

Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mwa nyumba 100 za m'Malawi, 11 zokha ndizo zinali kuunikira ndi magetsi a mawaya. Cotero ambiri a inu mudzadalira dzuwa. Sola ya mawati 50, ikaombedwa ndi dzuwa labwino maora 5, pa pepala ipereka zikho 250. Koma pfumbi, kutentha, mawaya ndi batire lomwe zidya gao limodzi mwa atatu, ndipo zotsala ndi ngati 170. Seva ndi rauta za mawati 10 pamodzi zikayaka maora 6 pa tsiku zimwa zikho 60, ndipo zotsalazo zikwanira nyali ndi mafoni. Koma zikayaka usana ndi usiku zimwa 240, ndipo sola imeneyo yacepa. Pafunika ya mawati 100.

Kumbukiraninso mitambo ya Januwale ndi Febuluwale, ndi ciperoni ca Juni ndi Julayi. Masiku amenewo sola ipereka pang'ono. Powerenga, werengerani tsiku la mitambo, monga tiyesa nkhokwe ndi mwezi wa njala, osati wa masika. Ndipo funso losabvuta ndi ili: ana ali ku sukulu kapena m'tulo, seva iyakira yani? Itsekeni, monga agogo anali kutseka wailesi ya sefuliya nkhani zikatha.

Pakati pa sola ndi batire pakhale kabokosi kolamulira moto, kamene ena acha leguleta. Kamadula moto batire likatsika kwambiri. Anyamata amakonda kukalambalala kuti asewerebe. Musalole, pakuti ndiko kupha batire. Ikani fyuzi pafupi ndi batire. Batire la galimoto linapangidwira kuliza injini kamphindi, silinapangidwire kukamidwa usiku wonse. Funani lopangira sola.

Inu a magetsi a mawaya, musati nkhaniyi siikukhudzani. Mu Januwale 2022 namondwe wochedwa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nilitaya mamegawati pafupi-fupi 130, ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri kwa miyezi yambiri. Kamakina kakang'ono kapitirira nchito ndi batire laling'ono. Kompyuta yaikulu ingogwa.

ADANI A MAKINA

Woyamba ndi kutentha. Raspberry Pi ikafika madigiri 80 iyamba kudzicepetsa yokha liwiro, masewera nayamba kudukiza. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mwezi wa Okotobala kunja kwenikweniko kupitirira madigiri 40, nanga kunsi kwa malata? Ikani makina pa mthunzi, pamwamba, podutsa mphepo. Musawafunditse nsaru, musawatsekere m'bokosi.

Waciwiri ndi pfumbi ndi utsi. Makina asakhale m'nyumba yophikira. Wacitatu ndi nyerere ndi mphemvu, zimene zikonda malo ofunda. Citani monga anacita opanga wailesi ija: chingani mabowo ndi sefa, ndipo ana asadyere pafupi. Wacinai ndi mphenzi. Mvula ya mabingu ikayamba, tsekani makina, muzule mawaya.

Wacisanu ndi kuzima mwadzidzidzi. Seva ikadulidwa moto iri pakati polemba, khadi ikhoza kusokonezeka, ndipo zonse zimene ana anamanga miyezi yambiri zitha nthawi imodzi. Phunzitsani mwana mmodzi kuitseka mwa njira yace, osangozula waya. Loweruka liri lonse akopere dzikolo pa fulashi, ndipo fulashiyo ikagone nyumba ina. Mbeu ya caka ca mawa sitiisunga pamodzi ndi cimanga cakudya.

Za batire ndionjeze ici. Pochajidwa lituluka mpweya woyaka, cotero likhale polowa mphepo, kutali ndi nyali ya moto ndi fodya. Likafa musaliswe, ndipo ana asaseweretse zam'kati, pakuti mtobvu wace ndi ululu woononga ubongo wa mwana. Libwezeni kwa ogula mabatire akale.

ZA INTANETI

Ambiri aopa kuti seva idzawamalizira ndalama za bandulo. Ngati ana onse asewerera pamodzi, pafupi ndi rauta, Luanti siifuna intaneti, kupatula tsiku loyamba lotenga masewerawo. Minecraft ifunako pang'ono pozindikira osewera ace. Wi-Fi ifika mayadi makumi owerengeka, ndipo makoma a njerwa ndi malata aifooketsa. Cotero ikani rauta pamwamba, pakati pa malo osewerera.

Koma mwana akati afuna kuti anzace a ku Lilongwe kapena ku Johannesburg alowe m'seva ya pa mudzi, imeneyo ndi nkhani ina. Makampani a mafoni kawiri-kawiri aika anthu ambiri pa keyala imodzi ya intaneti, monga mudzi wonse ulandira makalata pa bokosi limodzi la ku positi. Wa kutali akagogoda, palibe wodziwa kuti afuna nyumba iti. Njira zolambalala ziripo, koma zifuna mmisiri, ndipo bandulo itha tsiku ndi tsiku. Yambani ndi a pa mudzi.

MAU KWA MAFUMU

Tsono inu mafumu ndi anyakwawa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kawiri-kawiri mabanja angapo adzasonkha kuti agule makina amodzi. Akabwera kwa inu, athandizeni kumanga mfundo izi zinthu zisanagulidwe.

Cilembedwe m'buku kuti wasonkha ndani ndipo zingati, makina agona kwa yani, ndipo wina akafuna kutuluka atenga ciani. Milandu yambiri ya zinthu zosonkherana iyamba pamene panalibe colemba. Pakhalenso kathumba kosungira ndalama ya batire latsopano, pakuti batire liri lonse litha, ngakhale lisamalidwe bwino.

Ikani maora. Nthawi ya sukulu ndi ya ku munda makina akhale otseka, ndipo usiku pakhale ora lowerukira. Malo osewerera akhale poyera, pamene makolo angathe kufika, ndipo atsikana apatsidwe nthawi yao mofanana ndi anyamata. Juga musailole ngakhale ya ndalama yocepa. Wina akafuna kukoka magetsi mwakuba pa waya wa mnzace, mletseni; kumeneko ndi kuswa lamulo, ndipo nyumba zapsa ndi anthu afa nako.

Dziwaninso kuti kamakina komweko kakhoza kusunga zina. Pali mapulogalamu aulere, monga Kiwix ndi Kolibri, osunga mabuku ndi maphunziro kuti ana awerenge pa foni popanda intaneti. Funsani aphunzitsi a pa sukulu yanu. Ndipo mnyamata amene waphunzira kuwerenga mawati, kulumikiza sola ndi kusamala seva wagwira luso limene lidzamthandiza masewera ataiwalika.

POMALIZA

Mwana wanu akabwera ndi pempho lace, musamkanize msanga, ndiponso musatulutse ndalama msanga. Khalani naye pansi ndi pensulo, mumfunse mafunso asanu awa. Masewera ace ndi ati, ndipo ayenda pa makina amene ufunawo? Makinawo adya mawati angati? Adzayaka maora angati pa tsiku? Batire lathu ndi sola yathu zipereka zikho zingati, tikacotsa za nyali? Ndipo zonse pamodzi, chaja, khadi, rauta ndi waya, zifika ndalama zingati? Akayankha onse asanu, pitani naye ku sitolo. Akalephera, adikire msika wina, makina sathawa. Safunsa anadya phula.

Bambo uja ndinamcezeranso. Kompyuta yaikulu anaigulitsa kwa munthu wa pa tauni, nagula batire latsopano, ndipo nyali zinayakanso. Mwana wace anapeza laputopu yong'aluka galasi, ndipo aitsegula maora awiri madzulo, dzuwa litadzaza batire. Amai aja abwerera pa malonda ao.

 Tidzakumananso nthawi yonga yomwe ino. Tsalani bwino, mugone kutali ndi moto.